Mayi Morag Sankanena Zikomo

Linali Lachiwiri, sabata yachiwiri ya Novembala chaka chatha, nthawi itangokwana 4 koloko masana. Ndinali kukhitchini ndikutsuka makapu pamene Mayi Morag anandiitana. Ndinawapeza pampando wawo wa pawindo, pamiyendo atayala chijasi chobiriwira chaubweya, chija chinkakhala m'wadiropu chitakutidwa ndi pulasitiki. Anandiuza kuti ndisendere pafupi. Anachinyamula ndi manja awiri, mmene timaperekera mphatso kwathu, nati, "NaBanda, landirani. Zikomo kwambiri pa zonse zimene mwandichitira."

Ndinali nditawasamalira zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo mawu amenewo anali asanandiuzepo. Chifukwa chake ndinkachidziwa. Ndinazindikira pomwepo kuti akunditsanzika.

Anamwalira mu Marichi chaka chino. Pamaliro, mwana wawo Douglas anandipempha kuti ndiyankhulepo, koma Chizungu changa ndi cha mankhwala ndi matawulo, sichikanakwana. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6. Ndiye ndati ndilembe m'chiyankhulo chimene ine ndi iwo tinkakanganiramo.

Anali mzungu wa ku Scotland, koma anabadwira kwathu, pa mishoni ina kufupi ndi phiri la Mulanje, kumene bambo awo ankaphunzitsa ukalipentala. Anachokako ali mwana ndipo sanabwererekonso. Atakula anakwatiwa ndi msilikali wa pamadzi wa ku Amereka, yemwe anawabweretsa ku Speedway, katawuni kozunguliridwa ndi Indianapolis, komwe kuli bwalo lalikulu la mpikisano wa magalimoto. Bamboyo anagwira ntchito pa fakitale mpaka kumwalira. Mayi Morag anatsala okha m'kanyumba ka njerwa, ndipo Douglas, yemwe amagwira ntchito m'maofesi a boma m'tawuni, ndiye ankawafunira anthu owasamalira. Ambiri sankatha mwezi.

Tsiku langa loyamba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kundifunsa m'Chizungu kuti ndine wa kuti. Ndinati Malawi. Kenako ndinangomva m'Chinyanja, "Iwe, dzina lako ndani?"

Chikwama chinatsala pang'ono kundipulumuka. Koma ndinawayankha kuti ine ndine mayi wa mwana wamkulu, iwe ndi wa kwa ana.

"Mfunda wanu ndani?"

"Banda."

Kuyambira tsiku limenelo ndinali NaBanda, ndipo iwe uja sanabwerenso.

Chinyanja chawo chinali cha mwana, ndiponso chakale. Ankadziwa masuku, mapoza, ngumbi, bwemba, ankadziwa kutukwana mbuzi, koma za ku banki kapena kuchipatala ankathawira ku Chizungu. Nyimbo za m'tchalitchi ankaziimba ndi mawu amene ine ndinkawamva kwa agogo anga okha. Phala lawo linali la otsi, mbewu yofanana ndi tirigu, lothira mchere, ndipo ankati wothira shuga m'phala ndi munthu wosadalirika. Mwezi wa Meyi, magalimoto akayamba kulira kubwalo kuja mpaka mawindo kunjenjemera, ankavula timakina ta m'makutu n'kutiika m'kapu, mwezi wonse tinkayankhulana ndi manja. Anansi onse amalola alendo kupaka magalimoto pakapinga tsiku la mpikisano. Iwo ankakhala pakhonde ndi ndodo pamiyendo, ndipo pakapinga pawo sipanaimepo tayala.

Ankadzudzula aliyense. Dokotala ankayankhula mothamanga, abusa ankalalikira motalika, munthu wa zanyengo pa TV anali wabodza, Douglas ankawayendera ngati akuyendera wandende. Koma ntchito yanga sanainenepo kanthu, chabwino kapena choipa. Ndikayamba kukolopa ankatembenuza mpando kuyang'ana kuwindo. Ndikawasambitsa, kuwadzoza, kuwapesa, ankangoti, "Kunja kukuoneka bwanji?" Wobweretsa makalata ankamuthokoza. Dokotala yemwe uja ankamuthokoza. Ine ayi.

Zinkandipweteka. Kwathu mwana akalandira chinthu osathokoza timamulanda, ndipo munthu wamkulu amathokoza lero, mawa lake n'kudzathokozanso za dzulo. Iwo mwambo umenewu ankaudziwa bwino lomwe. Chimene ankachita n'chakuti pabenchi ya pakhomo, pomwe ndinkavalira nsapato, ndinkapezapo malalanje awiri, kapena mabisiketi a batala atakulungidwa m'kapepala. Ndikati zikomo, ankati sakudziwa amene wasiya.

Ndiye panali nkhani ya mkaka. Madzulo aliwonse, ndisanapite kukakwera basi, ankatenga kambale ka buluu, n'kuthiramo mkaka wa kirimu, n'kukaika pansi pambali pa sitovu, pomwe mpweya wofunda wa hita umatulukira. Sankayankhula, sankacheuka. M'mawa ankautaya patsinde pa duwa la kuseri. M'nyumbamo munalibe mphaka.

Ndinapirira sabata zingapo, kenako ndinafunsa. Anandifotokozera kuti kwa agogo awo, pafamu ina ku Scotland, anthu ankati nyumba yakale iliyonse ili ndi kamunthu kake, kafupi, kaubweya, kovala sanza. Iwo ankakatcha buruni, ndipo Angelezi a kutsidya kwa malire ankati hobu. Anthu akagona kamatuluka n'kumalizitsa ntchito zimene zatsala: kusesa, kupuntha tirigu, kupukusa batala, kuyang'anira ng'ombe. Koma kali ndi malamulo. Sukalipira. Mkaka umangousiya pomwe kaupeze, ngati wauiwala. Sukasuzumira kakamagwira ntchito, sukadzudzula, sukayamikira. Ukakanyoza kamasanduka kovuta, kamasasitsa mkaka ndi kuphwanya mbale. Ndipo choposa zonse, sukapatsa chovala. Ukakapatsa kamavala, n'kutuluka pakhomo, osadzabweranso.

"Amayi, chimenechotu kwathu timati ndondocha," ndinatero.

Anakana mwamphamvu. Anati ndondocha ndi munthu amene mfiti yamugwira, yamudula lilime, ikumugwiritsa ntchito ndipo sangathawe. Buruni palibe amene amamugwira. Amabwera yekha, amakhala chifukwa wafuna, ndipo tsiku limene wafuna kuchoka palibe womuletsa. "Vuto lake ndi limenelo," anatero.

"Inu opemphera, mumakhulupirira zimenezi?"

"Sindikhulupirira. Koma sindisiya."

"Ndiye anakwera nanu sitima mpaka kuno ku Indiana?"

"Ena amati amasamuka ndi banja."

"Mapepala ali nawo ameneyo?"

Anaseka mpaka kutsokomola, ndinachita kuwapatsa madzi.

Kuseka kunatha chaka chimene chiuno chawo chinayamba kuvuta. Analephera kuwerama, ndiye anandiuza kuti ndiziika ine kambaleko. Ndinakana. Ndinati kwa ine kumeneko ndi kutsira nsembe kwa mizimu, ndipo ndinazisiya kale zimenezo. Anati ndi mkaka chabe. Ndinati ngati ndi mkaka chabe ubwerere mufiriji. Tsiku lonse sitinayankhulane. Madzulo ndinawapeza atagwira sitovu ndi dzanja limodzi, akuyesa kutsika, mkaka ukutayikira pamasilipasi. Ndinathamanga n'kuwagwira lamba wa m'chiuno. Anatsika, anaika kambale, ndinawadzutsa. Sitinapangane chilichonse, koma zinakhala choncho mpaka kumapeto. Ine ndinkagwira iwo, iwo ankagwira mbale.

Mkangano waukulu unali wa juzi. Inali Januwale wa chaka changa chachitatu. Douglas atabwera anandifunsa ngati juzi ya Khirisimasi inandikwana. Ndinati juzi iti. Anayang'ana mayi ake, mayi ake n'kuyang'ana kuwindo. Zinapezeka kuti iye anandigulira juzi, anaisiya kwa iwo kuti andipatse, ndipo iwo anaiponya m'thumba la zovala zopita kwa osauka kutchalitchi kwawo.

Douglas atapita ndinaimirira pakati pa chipinda. Ndinawauza kuti ndawatawasa ngati mwana, ndawanyamula atagwa kubafa, ndayenda m'chipale kudzawaphikira phala, ndipo zikomo mmodzi sindinamumvepo. Ndinati ngati akuona ngati ndine kamzimu kawo kogwira ntchito kosathokozedwa, alakwitsa. Ndine munthu, ndili ndi dzina, ndinabatizidwa. Ndinati mwezi ukatha afune wina.

Anandiuza kuti ndikhale pansi. Ndinakana. Anayamba kufotokoza ndili chiimirire.

Pamishoni paja anali ndi mlezi, dzina lake Nagama. Ndiye anawabereka kumbuyo, ndiye anawaphunzitsa kuyankhula, ndipo ankagona pamphasa pambali pa bedi lawo. Mayi awo owabereka ankawaona nthawi ya chakudya ndi ya mapemphero. Tsiku lina masana, ali ndi zaka ngati zisanu ndi zitatu, makolo awo anaitana Nagama pakhonde. Bambo anayankhula mawu ambiri omuthokoza. Mayi anatulutsa nsalu yatsopano ndi diresi, n'kumupatsa. Nagama anagwada, anaomba m'manja. Mwanayo naye anaomba nawo m'manja, akusangalala, poganiza kuti ndi phwando. M'mawa mwake pamphasa panalibe munthu, mphasayo inali itapindidwa. Bokosi la zovala za mwanayo linali litamangidwa kale. Anawakweza sitima ya pamtunda, kenako ya pamadzi, kupita kwa agogo ku Scotland kukayamba sukulu. Akuluakulu anagwirizana kuti Nagama achoke mwana asanadzuke, kuti pasakhale kulira.

Kwa agogo kunali kozizira, ndipo panalibe womva chiyankhulo chimene ankalirira. Kumeneko ndi kumene anamva za buruni ndi lamulo la chovala. Mwana uja anangoti, basi, ndamvetsa. Anamuthokoza, anamupatsa nsalu, n'chifukwa chake anapita. Kuyambira pamenepo ndiye ankalimbirana kukaika mkaka pamoto.

"Ndinakula, NaBanda. Ndikudziwa kuti sizinali choncho. Mutu unakula, koma pakamwa sipanakule."

Ndinapezeka ndakhala pansi osadziwa. Ndinati, "Koma ine ndine munthu, amayi."

"Ndikudziwa. Nagama nayenso anali munthu."

"Nanga juzi yanga?"

"Inali yofiira. Sikanakukhalani."

Mwezi unatha, sindinachoke. Zikomo sanabwere, malalanje anapitirira.

Mwana wanga Tadala ndi nesi ku South Bend, mzinda wina wa ku Indiana komweko, ulendo wa maola angapo pa basi. Nditamufotokozera pafoni, sanagwidwe nayo mtima ngati ine. Anati, "Amayi, sitori yake ndi yomvetsa chisoni, koma inu si Nagama. Mzungu akulira mlezi wake. Nanga Nagamayo anamufunsa ndani? Ana ake ankagona ndi yani iye akugona pamphasa kwa azungu?"

Funsolo linandikhala. Tsiku lina ndikuwadula zikhadabo ndinawafunsa ngati Nagama anali ndi ana. Sankadziwa. Sankadziwa mudzi wake, ngakhale dzina lake loyamba. Tsiku limenelo chakudya cha masana sanachikhudze. Patapita masiku anangoti, osandiyang'ana, "Mwana wanu uja ali ndi nzeru. Sindikumukonda."

Chaka chatha zinthu ziwiri zinabwera pamodzi. Tadala anaima, atadikira zaka zambiri m'banja, ndipo mwana ankayembekezeka mu Disembala. Anandikonzera chipinda. Ankafuna ndisamukire ku South Bend ndikakhale naye m'chikuta, ndikasambitse mwana tsiku loyamba monga mayi anga anachitira kwa ine. Nthawi yomweyo mtima wa Mayi Morag unayamba kufooka. Miyendo inatupa, mpweya unkawathera pongopita kubafa. Dokotala anauza Douglas kuti yatsala miyezi. Douglas anandiuza mosabisa kuti ine ndikachoka awapititsa kunyumba yosungirako okalamba, chifukwa wina aliyense amuthamangitsa sabata isanathe. Iwo chimene ankaopa kwambiri chinali chimenecho, kudzuka m'mawa pamalo achilendo, munthu amene anamuzolowera palibe.

Tadala ankaimba tsiku ndi tsiku nthawi ya buleki yake. Ndinkayankhira kukhitchini, motsitsa mawu, m'Chichewa. M'nyumba za azungu timazolowera kuti Chichewa ndi chinsinsi. M'nyumba imeneyo sichinali chinsinsi. Anamva zonse, kulira kwa Tadala ndi kuzengereza kwanga komwe.

N'chifukwa chake Lachiwiri lija anatulutsa chijasi. Chinali chimene anavala pochoka ku Scotland ali mkwatibwi.

"Mukundithamangitsa, amayi?"

"Ndikukumasulani. Mwana wanu akubereka. Mwina Nagama naye anali ndi ake, ine sindinafunse. Kwa inu ndamva ndekha."

"Nanga inu?"

"Douglas ndamuimbira. Malo apezeka. Valani ndione."

Ndinagwada, ndinalandira ndi manja awiri, ndinavala. Manja a chijasicho anali aatali pang'ono. Anandiuza kuti nditembenuke, anayang'ana kumsana, anati chakhala. Madzulo amenewo kambale ka buluu sanakatchule, ndipo ine sindinawakumbutse. Potuluka ndinawatsanzika monga mwa masiku onse. Anayankha atayang'ana kuwindo.

Ndili pamalo odikirira basi ndinamuimbira Tadala. Ndinamuuza kuti ndizibwera Lachisanu madzulo n'kumabwerera Lamulungu, mpaka zitatha.

"Ndiye mwasankha mzungu."

"Iwe uli ndi mwamuna, uli ndi apongozi, uli ndi anzako a kutchalitchi. Iwo ali ndi ine."

"Ine mayi ndili ndi mmodzi."

Anadula foni. Basi itabwera ndinakwera, ndinakhala kumbuyo. Zimene ananena zinali zoona, ndipo mpaka lero sindinapeze yankho lake.

M'mawa mwake ndinatsegula chitseko ndi kiyi wanga nthawi ya masiku onse. Ndinawapeza pampando atavala kale, mabatani atasemphanitsa, chipewa kumutu, kachikwama ka m'manja pamiyendo. Mmene anakwanitsira kuvala okha sindikudziwa. Anakhala mowongoka ngati mwana amene auzidwa kuti adikire galimoto. Atandiona m'chijasi chija anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwaiwala chiyani?"

"Palibe. Ndabwera ku ntchito."

"Koma ndinakupatsani chijasi."

"Eya, n'chofunda bwino. Ndathokoza za dzulo zija."

"Ndinanenanso zikomo."

"Ndinamva. Munachedwa naye, koma ndinamva."

Ndinawavula chipewa, ndinakonza mabatani, ndinabweza kachikwama m'wadiropu. Nditamaliza anati, "Phala lachedwa lero." Ndinawaphikira. Atalawa anaika supuni pansi, nati, "NaBanda, phala lanu mchere umachepa. Zaka zonsezi."

Kuyambira tsiku limenelo pakamwa panatseguka mbali zonse ziwiri. Ankathokoza supuni, ankathokoza pilo, ankathokoza ndikatsegula katani, ngati mwana amene wangophunzira mawu atsopano. Ankandidzudzulanso. Ndimapinda matawulo molakwika, ndimaimba motsika, tiyi ndimamuchotsa msanga. Ndikamakolopa ankandiyang'ana ndithu, n'kumaloza ndi ndodo pamene ndadumpha. Mkaka anayambiranso. Nditawafunsa kuti nanga buruni wa kukhitchini uja amuthokoza liti, anati, "Ameneyo ayi. Sindimudziwa bwino ngati inu."

Mdzukulu wanga anabadwa Lachitatu. Anamusambitsa koyamba ndi apongozi a Tadala, ine ndinaonera pafoni nditakhala pabenchi ya nsapato ija. Mayi Morag anapempha kuona. Anayang'anitsitsa kamwanako, anandibwezera foni, nati, "Ndakulandani chinthu chachikulu." Sindinawatsutse.

Lachisanu lililonse ndinkakwera basi ya ku South Bend, Loweruka ndi Lamulungu Douglas ankagona kwa mayi ake. Poyamba ankachita mantha ngakhale kuwatembenuza pabedi. Anaphunzira. Anaphunziranso kugwira lamba, ngakhale ankati za mkakazo ndi zamisala. Mayi Morag atalephera kudzuka, tinasendeza kampando pambali pa bedi kuti aziika okha kambaleko.

Sabata yomaliza Chizungu chinawathawa. Ankayankhula Chinyanja chokhachokha, ndipo ine ndinkamasulira Douglas zimene mayi ake akunena. Ankafuna masuku. Ankafunsa ngati mvula yayamba kuphiri. Tsiku lina masana anandigwira dzanja n'kunditchula Nagama. Ndinawauza kuti ndine NaBanda, koma ndili pano. Anati, "Eya, NaBanda. Munabweranso." Anamwalira Lachinayi m'mawa, dzuwa litalowa pawindo, pabedi lawo, m'nyumba yawo, ine mbali iyi Douglas mbali iyo.

Ndinapitako komaliza mu Meyi kukabweza kiyi. Magalimoto anali akulira kubwalo kuja, mawindo akunjenjemera, ndipo m'nyumba munalibe makatani oti achepetse phokoso. Katundu anali atachotsedwa. Pakapeti ya pawindo panatsala timaenje tinayi pomwe panali miyendo ya mpando. Benchi ya nsapato panalibe. Wadiropu inali yotsegula, muli mahang'ala okhaokha. Kukhitchini, pambali pa sitovu, pansi panali kachizindikiro kozungulira kotuwa, pomwe kambale kanakhala zaka zonse zija. Ndinayesa kukapukuta ndi chala, sikanachoke. Panja, pakapinga, wina anali atapaka kale galimoto.

Douglas anandifunsa ngati pali chimene ndingakonde kutenga. Ndinati chijasi ndili nacho kale. Analowa m'galimoto mwake n'kutulutsa kambale ka buluu, nati iye sakudziwa chochita nako. Ndinakalandira, ndinathokoza.

Pano ndimakhala ku South Bend kwa Tadala. Nkhani ya chikuta sitinaimalize, amaitchula akatopa, ndipo ine ndimangomvera. Iye akapita ku shifiti ndimatsala ndi mwana. Mkaka pansi sindiika. Kambale kaja ndimadyetseramo mdzukulu wanga phala.